Mtanda wa Choko pa Madigadi

Ndinalemba mtanda ndi choko pa madigadi akumanzere a thirakitala, chitsulo chija chophimba tayala. Sikanali kamtanda kobisika ayi, unali mtanda woti ngakhale wa ng'ala akanauona ali kutsidya kwa msewu. Ndinalemba makaniko ali pomwepo, akundiyang'ana, akutafuna kamtengo ka machesi. Ndinati, "Apa. Maliva onse awiri muike apa." Iwo anati, "Zamveka, mayi."

Lachinayi nditapita kukatenga thirakitalayo, ndinapeza maliva, tizitsulo tokoka ndi dzanja, ali kumanja.

Kuti mumvetse chimene chinandiwiritsa magazi, ndiyambe ndanena za mkono. Amuna anga akhala pa thirakitala yathuyi zaka khumi ndi zinayi. Ndi yaing'ono, yolowa m'tinjira ta pakati pa nyumba momwe malole salowa. Timanyamulira anthu mchenga, njerwa ndi manyowa, komanso kuwasalazira mabwalo ndi chitsulo chokoka kumbuyo. Ngolo yake tinkaikweza ndi jeke n'kuichirikiza ndi mtengo kuti katundu akhutuke. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo ngolo inaterereka pa jeke, mkono wawo wamanja uli pansi pake. Madokotala mkonowo anaupulumutsa, koma zala sizigwiranso kanthu. Supuni imagwa. Mabatani a malaya ndimawamanga ndine.

Chichokereni kuchipatala munthu anangokhala pampando wa pazenera, wayilesi pambali. Khomo lakuseri, komwe thirakitala imaima, anasiya kutulukira. Ndiye amene anakwera pa thirakitala ndi ine, poti ana atatu sadya chisoni. Ndimadzuka kusanache, kukonza ana, kukonza bambo awo, kukasenza jeke, kubwerako msana uli ngati wathyoledwa pawiri, n'kupeza mbale zikundidikira ngati ndili nazo pangano.

Kenako alamu, akulu awo a amuna anga, anabwera ndi chifundo chawo. Anati Loweruka adzatenga thirakitala izikagwira ntchito kwawo, "isamavutitse mlamu wanga." Amuna anga anangogwedeza mutu. Ine kutopa ndinatopadi, sindinganame. Koma ndinadziwa chinthu chimodzi: thirakitalayo ikangotuluka pachipata, munthu uja sadzadzukanso pampando uja mpaka tidzachite kumunyamula.

Nzeru yake ndinaiona pamalo ena omanga nyumba. Dalaivala wa thirakitala yaikulu anakhutula ngolo yonse osatsika pampando, atangokoka kachitsulo. Ndinamufunsa mpaka anatopa nane. Anandionetsa kumbuyo kwa thirakitala yake timilomo tachitsulo tolumikizapo mapaipi a oyilo. Anati pampu imene imakweza mikono yonyamulira yakumbuyo ingathenso kukankha oyilo kupita ku ngolo, bola uike vavu yowongolera oyiloyo, maliva ake ndi timilomoto. Yathu inalibe n'kamodzi komwe. Ndinabwerera ndikuwerengera m'mutu: ntchito zofuna manja awiri pa thirakitala yathu ndi ziwiri basi, jeke uja, ndi chitsulo chapamwamba chimene umachipota kuti chosalazira chiweramire kutsogolo kapena kumbuyo. Liva imodzi ya ngolo, ina ya chosalazira, nkhani yatha. Mkono wovulalawo kutsamira chiwongolero umatha. Chofunika n'chakuti dzanja lamanzere lifike pa maliva. N'chifukwa chake mtanda unali kumanzere. Makina anga osokera anapita chifukwa cha zitsulo zimenezi.

Galaja ya makanikoyu ili kuseri kwa malo ogulitsa matabwa. Pansi ndi pakuda bii, pakona pali mgolo wodula pakati wotsukiramo zitsulo, ndipo galu wawo amagona pansi pa galimoto imene inafa ine ndisanabereke mwana wachiwiri. Dzina lawo lenileni palibe amalikumbukira. Aliyense amati a Bweranimawa.

"Mwaiona ntchito, mayi?" anatero akupukuta manja. "Taonani kuyera kwake. Ngati inachokera nazo kufakitale."

Kuyera kunalipodi. Kumbuyo kunali timilomo tinayi tatsopano, tiwiri ta zivindikiro zofiira, tiwiri ta zobiriwira, tandandalika ngati mawere a mbuzi. Mapaipi akuda anakwera bwinobwino mpaka pa vavu. Vavu ili pa madigadi akumanja.

"Mtanda wanga uli kuti?"

"Mtanda?"

Unali pompo, kumanzere, kapu yawo ya tiyi itakhala pakati penipeni.

"A Bweranimawa, dzanja limene mumadyera ndi liti?"

Anakweza lamanja.

"Nanga linalo kwanu amalitcha chiyani?"

"Aaa, mayi, musatero. Ine ntchitoyi ndinaiyamba inu mukadali pa yunifolomu. Maliva amakhala kumanja. Kumanzere n'kokwerera. Chitsulo chogwira vavu chimabwera m'bokosi chobooledwa kale, mabowo ake ndi akumanja. Mapaipi anadulidwa a kumanja. Pitani dziko lililonse mukaone."

"Thirakitalayi sikupita dziko lililonse. Ikupita kwathu, kwa munthu amene dzanja lake lamanja siligwira ngakhale supuni. Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Munanena."

"Ndinalankhula chinenero chanji?"

"Komatu makasitomala amanena zambiri, mayi. Wina anandiuzapo kuti ndimuikire hutala kumbuyo. Ife ndife madokotala. Wodwala sauza dokotala pobaya."

"Wodwala akanena kuti dzino lopweteka ndi ili, dokotala n'kuzula linalo, amamuombera m'manja?"

Munthu wina amene ankadikira tayala lake pabenchi anaseka mpaka kutsamwa. A Bweranimawa analavula kamtengo ka machesi kaja. Kuseka kuja kunawapweteka, n'chifukwa chake anatulutsa zimene ankabisa.

"Musandichititse manyazi pantchito panga, mayi. Ine sindinachite za m'mutu mwanga. Ndisanaboole ndinaimba foni."

"Foni yanga sinalire."

"Ndinaimbira eni ake."

"Eni ake! Amene anaibweretsa pano ndani? Amene wakhala akukupatsani moni pamsewu ali pamwamba pake miyezi yonseyi ndani?"

"Ndi inu, koma nkhani ya kuboola madigadi ndi yaikulu. Bowo silibwerera. Ndinati ndimve kwa bambo."

"Ndiye bambowo anati chiyani?"

Anayang'ana galu wawo, ngati galuyo awathandiza.

"Anati, ikani pomwe aliyense amaika. Ikupita kwa achimwene. Iwo manja ali nawo onse."

Wa tayala uja anasiya kuseka. Mkwiyo wonse umene ndinausenzera makaniko unasowa potula. Ndinaima pamenepo ngati munthu amene wathamangitsa wakuba mpaka kumugwira, n'kupeza kuti ndi wa m'nyumba mwake.

"Musamutse," ndinatero.

"Pafunika chitsulo china chogwirira, kuboolanso, mapaipi aatali. Bwerani ma..."

"Mukamaliza mawu amenewo ndikumwetsani za mumgolomo."

"Chabwino, koma ine sindiboolanso pokhapokha bambo anene okha. Mawa mudzasemphana, wolakwa ndidzakhale ine."

Anandionetsa kalumikizidwe, ine ndikungomva ngati wayilesi ya kwa aneba. Upukute kamlomo ndi kansalu, fumbi lisalowe. Ukankhe paipi mpaka imveke thapu. Ndinakoleka ngolo, n'kuuyamba wa kunyumba.

Nditafika kuseri kwa nyumba ndinakoka liva ya ngolo kuti madzi a mvula amene anatsalamo atayike. Ngolo inakwera yokha, mwakachetechete, mwaulemu, ngati mwana wolera bwino. Chala chimodzi. Ntchito imene inadya mkono wa munthu, ntchito imene yanditha msana, chala chimodzi. Zinandikwiyitsa kuposa zikanakhala kuti sizikugwira. Ndinazimitsa injini, ngolo n'kuisiya chiimire choncho, ndi kulowa m'nyumba osavula n'jombo zomwe.

Anali pampando pawo, wayilesi ikukamba za mpira.

"Yabwera," ndinatero.

"Ndaimva."

"Makaniko akuti munacheza."

Anakweza wayilesi pang'ono. Ndinaizimitsa.

"Ndikulankhula ndi inu, bambo."

"Iwe unandifunsa?" anatero osandiyang'ana. "Pokalemba mitanda yakoyo unandifunsa? Ndinachita kumva kwa makaniko kuti mkazi wanga akundikonzera thirakitala ya olumala. Ukufuna msewu wonse uzindiloza? Uyo akudutsayo, wa maliva akumanzere."

"Akukulozani kale. Amati uyo wa pazenera, amene mkazi wake amasenza jeke."

"Ndiye achimwene akubwera kudzakupumitsa. Sizimene umafuna? Tsiku lililonse msana, msana."

"Msana ndi wanga, ndili ndi ufulu woudandaula. Ndinanenapo kuti mupereke thirakitala? Akaitenga achimwene anuwo, inu muzitani? Muziwerenga magalimoto odutsa? Ana akadzafunsidwa kusukulu kuti bambo ako amagwira ntchito yanji, azidzati amasunga mpando kuti usathawe?"

"Samala pakamwa."

"Ndasamala miyezi isanu ndi iwiri. Pakamwa panga patopa n'kusamala. Makina anga aja ali kuti? Tayang'anani pakonapo. Mwaonapo chiyani?"

Anayang'ana. Panali madontho anayi pasimenti pomwe miyendo ya makina inkaponda.

"Sindinakutume," anatero.

Mawu amenewo mwamuna aliyense amabadwa nawo, sachita kuphunzira.

"Zoona, simunanditume. Kumanga mabatani simunanditume. Kukudulirani nyama m'mbale ana asanaone simunanditume. Kunamiza makasitomala kuti bambo akuchira, abwera mwezi wamawa, simunanditume. Ndine wopusa wodzituma ndekha."

Dzanja lovulala lija linali pamwendo, zala zitapindika ngati zikusunga kanthu.

"Sukudziwa iwe," anatero motsitsa. "Injini ija ikangolira, ine ndimamva ngolo ikugwa. Ndili pompano. Mkonowu umayamba kuwawa ngati n'lero."

Mwina mkazi wina akanakhala pansi n'kuwagwira phewa. Ine ndinali nditaima kuyambira folo koloko m'bandakucha.

"Ndiye mukuganiza kuti ine sindiopa? Ngolo yomweyo, jeke yemweyo, mtengo womwewo umene unalephera kukutetezani. Ndimalowetsa mutu wanga pamenepo kawiri patsiku. Ndikamachirikiza ndimatchula maina a ana anga mmodzimmodzi. Munandifunsapo? Mantha anu ali ndi mpando ndi wayilesi. Anga amapita kuntchito."

Sindinadikire yankho. Ndinatulukira khomo lakuseri, kukoka bokosi la zitsulo pansi pa shedi, n'kulitsegula ndi mwendo. Ngati makaniko akufuna mawu a bambo, akhale nawo mawuwo. Vavu ndichotsa ndekha, ndikaimangirire kumanzere ngakhale ndi waya. Ndinatenga sipanala yaikulu ija yosintha kukamwa, kukwera pa tayala lakumanja, n'kuikoleka pa nati ya paipi yoyamba imene ndinaiona.

Zenera la kukhitchini linatseguka mwamphamvu.

"Iwe! Ukutani?"

"Ndikusamutsa."

"Siya! Ngolo ili m'mwamba!"

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani! Kulemera konse kwa ngoloyo kwatsamira oyilo wa m'paipi imeneyo! Ukangomasula akulasa ngati singano, alowa m'khungu, ngolo n'kugwa!"

Kunena zoona, zimenezo sindinkazidziwa. A Bweranimawa mwina ananena ine ndili kutali ndi maganizo. Ndinayang'ana ngolo ili chiimire, nkhuku zathu zitagona kale pamthunzi wake. Koma sipanala sindinaichotse.

"Sindikumva bwino," ndinatero. "Mphepo."

"Kulibe mphepo! Chotsa sipanalayo!"

"Mukuti ndipotere uku?"

Ndinamva mpando wa kukhitchini ukugwa. Kenako khomo lakuseri, limene linaiwala dzanja lawo, linatseguka. Anatuluka opanda nsapato, malaya ali pamtunda, akuponda timiyala ngati sakutimva.

"Tsika! Tsika apo, mkazi wosamva iwe! Thamangitsa nkhukuzo!"

Ndinatsika. Ndinathamangitsa nkhuku. Iwo anaima pafupi ndi tayala, akupuma ngati athamanga mtunda, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anatambasula dzanja lamanzere, kugwira liva yofiira, ya ngolo ija, n'kuikankha pang'ono. Ngolo inayamba kutsika. Pang'onopang'ono, oyilo akulira chapansipansi m'mapaipi. Anasiya liva, ngolo inaima pomwepo, m'malere. Anakankhanso, inapitiriza. Inafika pansi n'kukhala phee, osagunda n'komwe.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Panalibe jeke, panalibe mtengo, panalibe mkono wa munthu pansi pake. Ine sindinanene kanthu. Nthawi zina ndimatha.

Kenako anagwedeza maliva onse awiri kutsogolo ndi kumbuyo kangapo.

"Umatere kaye," anatero mokalipa, "kuti mphamvu yotsala ichoke. Injini yozima, katundu pansi, maliva uwagwedeze. Ndiye ukhudze nati. Ndipo ichi n'chiyani?" Anatola sipanala yanga ija ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Pa nati ya paipi? Ukufuna kuidya makona? Zaka zonsezi umaona chiyani ndikamagwira ntchito?"

"Ndinkaona mbale zanu."

"Tenga ya twente-thu ndi ya nayintini. Zili m'kathumba kachikopa."

"Ziwiri za chiyani?"

"Ina imagwira, ina imapota. Ukapota ndi imodzi upotokola paipi yonse." Anaima kaye. Anayang'ana dzanja lawo lija, kenako ine. "Iwe gwira yapansi. Usasunthe."

"Ndiye tikusamutsa?"

"Ndati gwira. Munthuyu paipi iyi waidutsitsa pafupi ndi tayala, mwezi umodzi ikhala itabooka. Ndikungokonza zimenezo."

"Ehe."

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, tikukangana nati iliyonse. Ndagwira mopepuka. Ndagwira molimba kwambiri. Ndikuwatchinga kuwala. Oyilo wotsala anafuna potayikira, anandituma beseni, ndinabweretsa lakale, anati lili ndi mchenga, ndibweretse loyera. Loyera linali limene ndimakandiramo ufa wa mabanzi. Linapita. Kukamwa kwa paipi iliyonse tinakukulunga ndi pulasitiki n'kumanga ndi mphira, poti kafumbi kamodzi kakalowa, akuti, pampu yonse imadwala. Sipanala inawapulumuka kawiri. Kachiwiriko anatukwana mawu amene sindinawamve chichokereni kuchipatala, ndipo ndinadabwa kuti ndinawasowa.

Vavu itachoka anaizungulira thirakitala n'kukaima kumanzere, pa mtanda wanga uja. Unali ukuonekabe, ndi chizindikiro cha kapu pakati. Anaupenda uku ndi uku.

"Walakwika," anatero.

"Chiyani?"

"Mtanda wakowu. Uli kutsogolo kwambiri. Munthu pokwera azigunda bondo pa maliva. Apa makaniko sananame."

Ndinaika manja m'chiuno. "Miyezi isanu ndi iwiri muli duu, lero mwatsegula pakamwa kuti mtanda wanga ndi wolakwika?"

"Wolakwika ndi wolakwika."

"Mukudziwa bwanji muli pansi? Ine ndinayeza nditakhala pampandopo."

"Iwe ndi wamfupi. Mpando unaukokera kutsogolo ngati wa mwana."

"Ndiye yezani nokha, wamtali."

Anayang'ana popondera. Ndinatembenuka n'kuyamba kutolera masipanala, poti munthu wonyada sakwera akuyang'anidwa. Ndinamva chitsulo chikulira, kenako kupuma kwamphamvu, kenako mpando ukubwerera kumbuyo, khwee, pomwe unkakhala kale.

Nditatembenuka anali pamwamba. Mkono wamanja unali utatsamira chiwongolero. Dzanja lamanzere analisiya kuti ligwe lokha pambali, maso atatseka, n'kuona pomwe lafikira.

"Choko," anatero.

Ndinakatenganso m'chikwama cha mwana. Analemba mtanda wawo, wokhotakhota poti ndi dzanja lamanzere, chikhatho chimodzi kumbuyo kwa wanga. Chikhatho chimodzi chokha! Ndipo wanga anaufufuta ndi chigongono, ngati ungasokoneze dziko.

Mapaipi anaperewera, monga ananenera makaniko. Tinayeza ndi chingwe choyanikira zovala, ine kugwira ku timilomo, iwo kudutsitsa pansi pa mpando kutali ndi tayala, n'kumanga mfundo pomwe paipi iliyonse iyenera kuthera. Chingwe changa chinadulidwa panayi. Sanandifunse.

Lachisanu m'mawa tinapita limodzi ku galaja, ine nditanyamula vavu m'chikwama cha kumsika, iwo zingwe zawo m'thumba la malaya. A Bweranimawa atationa anaimirira mpaka kugwetsa kapu.

"Bwana! Mwadzuka? Tinakusowani!"

"Mapaipi anayi, kutalika kwake uku. Chitsulo chogwirira mupinde china. Mubwere ndi chobooleracho kunyumba, thirakitala singayende."

"Kumanzere?"

"Mwamva."

"Ine ndinanena kale kuti kumanzere n'kotheka," anatero a Bweranimawa, ine ndili pomwepo, maso anga ali pa iwo. "Ndinawauza mayiwa. Kungoti lero ndapanikizika, bwerani..."

"Mawa ndi Loweruka," anatero amuna anga. "Mubwera lero. Ndikhala pabenchi pano mpaka tinyamukire limodzi."

Anakhaladi. Mawu omwewo ndikanawanena ine akanati mayiwa ndi ovuta. Atanena bambo, chitsulo chinapindidwa teni koloko isanakwane. Madzulo ake maliva anali kumanzere, pa mtanda wokhotakhota uja. Kumanja kunatsala mabowo anayi opanda ntchito, amene mvula izilowerapo mpaka kalekale chifukwa anthu awiri aamuna anagwirizana pafoni.

Loweruka alamu anafika cha m'ma naini, atavala chipewa chatsopano, chigubu cha dizilo m'manja. Anapeza chipata chotsegula, ine ndikuchapa pa mpopi, mng'ono wawo ali pa thirakitala akubwerera chambuyo ndi ngolo ya mchenga wa kasitomala wina woumba njerwa. Sindinena kuti zinkayenda bwino. Anali atagunda kale mtengo woyanikira zovala, ndipo poyesa koyamba anakoka liva yolakwika. Malaya anali atanyowa kumsana konse, ndipo ndinaona kuti ngolo ikamagwedera mapewa awo ankadzidzimuka. Koma sanatsike.

Alamu anaika chigubu pansi.

"Mphwanga, n'chiyani chimenechi?"

"Ntchito, achimwene. Sunthani pang'ono, ndingakupondeni."

"Si tinapangana kuti lero..."

"Tinapangana. Koma taonani kaye." Anakoka liva yofiira. Ngolo inakwera pang'ono, n'kuibwezanso. Anachita kawiri, ngati mwana woonetsa nsapato zatsopano.

Alamu anazungulira thirakitala, kuwerama kumbuyo, kugwiragwira timilomo tija, kenako kuima pa maliva.

"Koma izi zasokonekera. Maliva amakhala kumanja. Ine ndingayendetse bwanji chonchi? Anakupusitsa ndani?"

"Palibe anandipusitsa," anatero amuna anga. "Ndinaganiza ndekha. Ndinakhala pansi n'kuona kuti ntchito zofuna manja awiri pa thirakitalayi ndi ziwiri basi. Munthu umafunika kuganiza, achimwene."

Ndinasiya kuchapa. Sopo anali akutsika m'mikono. Ndinawayang'ana bambowo, iwo n'kuyang'ana kwina, kumene kunalibe chilichonse choyang'ana. Anaganiza okha. Makina anga, beseni langa la mabanzi, chingwe changa, msana wanga, koma anaganiza okha. Mawu anafika pakhosi, onse, ndi ana awo omwe. Ndinawameza. Anandikanda pomeza, koma ndinawameza, poti munthu anali pampando woyenera ndipo sindinafune kumupatsa chifukwa chotsikira.

"Ndiye dizilo ameneyu?" anatero alamu.

"Musiyeni pompo, mwatithandiza," anatero mng'ono wawo. Anaika giya, thirakitala n'kutuluka pachipata, kukhula pang'ono mzati wakumanja, n'kukhotera kumsewu.

Alamu anatsala ataima pakati pa bwalo, chipewa m'manja.

"Mlamu," anatero, "ndabwera wapansi kuchokera pa siteji. Katiyi kangapezeke?"

"Ketulo ili pomwe imakhala, alamu. Manja muli nawo onse."

Ndinasiya zochapa m'madzi momwemo n'kulowa m'nyumba. Mpando wa pazenera unali wopanda munthu. Unali utalowa pakati, chifanizo cha miyezi isanu ndi iwiri. Ndinavula nsapato, n'kukhalapo dzuwa likuswa mtengo, ndikuyang'ana madontho anayi aja pakona. Akabwera madzulo nkhani ya makina anga tiikamba, ndipo aiganiza okha.